Mpeni Wopinda Umene Ndinapita Nawo ku Champhira

Anzanga, mumandidziwa kuti chipumireni pantchito ya zankhalango ku Chikangawa ndakhala munthu wokonda kuwongola zolakwa za ena. Lero ndiloleni ndiwongole zanga, ndipo mukamaseka museke mwaulemu.

Mwana wanga Wongani anapeza mbeta ku Champhira. Ng'ombe za malowolo zitaperekedwa, akuchikazi anatiitana kuti tikadye nawo nyama. Kumeneko amuna akazungulira nyama yootcha pabwalo, aliyense amasolola mpeni wake m'thumba n'kumadzichekera yekha. Tsono ndinali nditamva mphekesera yoti a Tembo, bambo ake a mtsikanayo, amene pachibale chatsopanochi ndi asebele anga, amatitcha "anthu a paboma, odya nyama ya pasikelo." Mawu amenewo anandikhala pamtima. Ndinatsimikiza kuti tsiku limenelo aone okha kuti mwana wawo akulowa m'banja la amuna odziwa kugwira mpeni.

Mipeni ya m'sitolo ndinaikana yonse. Ndinajambula wanga papepala, miyezo ndi yonse, n'kupita nalo kwa a Shaba, mmisiri wosula zitsulo kuseri kwa msika wa pa Mzimba.

A Shaba anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Adada, mpeni wa nyama umakhala wowongoka, wa nsonga, kamimba pang'ono kutsogoloku. Uwu mwaukhotetsa ngati chikwakwa. Ngwodulira nthambi uwu."

Ndinawafotokozera mofatsa kuti ndi mpeni wotere tinkadulira mbande kunazale zaka zonse zija, ndipo sunatikhumudwitsepo.

"Mbande sizikhala ndi mafuta, adada."

Ndinangodutsa, tinafika pa chigwiriro. Anandionetsa nyanga ya ng'ombe; ndinati imaterera m'manja. Anandionetsa mlombwa wouma bwino. Ndinati ngwolemera, ungandibowolere thumba. Pamenepo ndinatulutsa chuma changa: kachidutswa ka paini kamene ndinasema pachitsa chakale tsiku lotsanzikana ndi ntchito, kofiira, konunkhira ngati nkhalango yonse ya Viphya.

A Shaba anakanunkhiza, n'kukakanda ndi chikhadabo. "Mtengo uwu uli ndi utomoni wambiri chomene. Dzuwa likangouwomba uyamba kulira."

"Kodi dipuloma ya zankhalango ili ndi ine kapena ndi inu?" ndinatero.

"Mbwenu, ili ndi inu, adada. Yewo."

Kunena zoona, mpeniwo unatuluka wokongola. Sabata yathunthu ndinkangoutsegula ndi kuutseka pakhonde, mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati ndi mpeniwo umene ukukwatira.

Tsiku linafika, mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Monga mkulu ndinaumirira kukhala mpando wakutsogolo wa minibasi, ndipo mpando umenewo, monga mudziwa, uli pamwamba pa injini. Ulendo wonse ndinkamva fungo la paini, ine n'kumanyadira kuti anthu akununkhiza mpeni wanga. Kodi munthu wophunzira angapusenso kuposa apa?

Tinalandiridwa bwino. Amuna tinakhala pamphasa pamthunzi, chapatali pang'ono ndi moto, ndipo a Tembo anaika chiwindi chootcha pathabwa patsogolo panga.

"Yambani ndinu, asebele."

Ndinapisa dzanja m'thumba mwaulemu wonse, ndinaugwira mpeni, ndinakoka. Osatuluka. Ndinakokanso. Abale inu! Unatuluka pamodzi ndi thumba lonse, mkati kukhala kunja, ndipo pachigwiriro panali patamatirira kampango kanga, tikiti ya minibasi ndi mapiritsi awiri a kuthamanga kwa magazi. Utomoni unali utasungunuka panjira, n'kugwirananso titakhala pamthunzi.

Ndinamatula zimene zinalola kumatuka, ndikumwetulira ngati ndi mmene ndichitira masiku onse. Kenako kutsegula. Chitsulo chinali chitamira mu utomoni ngati ntchentche mu uchi. Ndinayesa ndi chikhadabo, chikhadabo chinathyoka. Mkulu wina anandilozera mpeni wake nati, "Bwerekani uwu, adada, nyama ikuzizira." Ndinakana. Ndibwereke mpeni pamaso pa asebele, ine?

Apa m'pamene maphunziro anandithandiza kugwa bwino. Ndinaganiza motere: chimene chasungunuka ndi kutentha chingasungunukenso ndi kutentha. Ndinauyandikiza mpeni kumakala, ndikufotokozera bwalo lonse mmene utomoni umakhalira.

Sindinamalize chiganizo. Laŵi linabuka ngati ndathira palafini! Ine amene ndinakalamba ndikuphunzitsa anthu kuti chitsa cha paini n'chimene chimasunga moto m'nkhalango, ndinaima pakati pa bwalo la eni ake nditanyamula muuni masana. Ndinaukupiza kuti uzime, madontho a moto n'kumagwera pamphasa. Akuluakulu a ndevu zoyera anabalalika, wina akupondaponda mphasa, wina akukuwa, "Maji! Maji!" Mayi wina anathamanga kuchokera kumaphikiro n'kundikhuthulira ndowa ya madzi otsukira matumbo, kuyambira pamapewa mpaka kunsapato.

Mukuganiza kuti ndinalekera pomwepo? Ayi ndithu. Moto unali utaumasula mpeni, ndipo ndinaona kuti ulemu wanga ungapulumukebe. Ndinakulunga chigwiriro chopsereracho ndi tsamba la nthochi, ndinagwada, ndinaika mpeni pachiwindi. Koma mpeni wokhota sucheka pathabwa. Nsonga yokha ndiyo imafika pansi. Unangochikola chiwindi chija ngati mbedza, ndipo nditakoka mwamphamvu chinauluka chonse, n'kudutsa pamaondo pa a Tembo, n'kukagwera pafumbi. Galu wapakhomopo sanadikire kuitanidwa.

Ndinayang'ana Wongani, anali ataweramitsa mutu. Ndinati basi, mwana wanga ndamuchotsera ulemu kwa apongozi ake mpaka kalekale.

A Tembo anayang'ana galu akuzimirira kuseri kwa khola, anayang'ana ine ndikudontha madzi, ndipo anayamba kuseka, kuseka kogwira nako pansi, mpaka misozi. Atapeza mpweya anati, "Asebele, ine ndinkaopa kuti mwana wanga akupita kwa anthu onyada, osasekeka. Lero mtima wanga wakhala pansi. Khalani apa, pafupi ndi ine." Anandibwereka malaya awo, ndipo nyama yotsalayo tinadyera mpeni umodzi, wowongoka, wa chigwiriro cha nyanga.

Nditabwerera kunyumba ndinakhala patebulo kuti ndilembere a Shaba kalata yodandaula, mfundo ndi mfundo. Pa mfundo iliyonse ndinkapeza kuti munthuyo anandichenjeza, ndipo wolakwa ndi amene wagwira cholembera. Ndinapinda pepala, n'kupita ndekha kukawapempha mpeni wina. Sanandifunse za dipuloma. Anangoti, "Yewo, adada," koma mapewa awo ankagwedezeka ndi phwete.

Ukwati unayenda bwino, ndipo ine ndi a Tembo tsopano ndife pachibale penipeni. Mvula itayamba anandiimbira foni. "Asebele, ngati kamtengo kaja kanatsalako, mutitumizireko. Nkhuni zanyowa, amayi kuno akuvutika kukoleza moto."

Ndinawatumizira konse. Ndipo ndalumbira kuti mmisiri akadzanunkhizanso mtengo n'kupukusa mutu, ine ndidzatseka pakamwa, ngakhale mtengowo utakhala kuti ndinaubzala ndekha.