Nkhondo ya Kabuleta ndi Chikhatho cha Makaniko

Tcherani khutu, inu obadwa dzulo amene mumadzutsa galimoto ndi chala chimodzi, mumve za m'badwo umene injini zinkadzutsidwa mochita kunyengerera ngati mwana wokana sukulu!

M'masiku amenewo kunali Makaniko, Chigonjetsa-mabawuti, Mwini Sipanala Yopindika, amene zikhadabo zake sizinayerepo chibadwire. Mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, wogulitsa matabwa, anali ndi kalole kokalamba kamene kabuleta yake sinkamvera munthu wina aliyense. M'mawa uliwonse ngwaziyo inkatsegula boneti n'kutseka kukamwa kwa kabuleta ndi chikhatho, mlamu n'kupotoza kiyi, injini n'kutsokomola, n'kudzuka monyinyirika. Akatero Makaniko ankakhala pakhonde kumwa tiyi wa mlongo wake, ndipo chimwalirireni mkazi wake, ndi pokhapo pamene ankamwa tiyi ali ndi wocheza naye.

Tsiku latsoka linafika: wamatabwa anatulukira ndi katoni, m'katimo muli kabuleta yatsopano, yonyezimira, yodzitsekera yokha mpweya.

"Alamu, mwavutika mokwana," anatero mokondwa. "Mangani iyi, muzigona mpaka dzuwa likwere."

Mtima wa Makaniko unangoti myuu, koma ngwazi silira pamaso pa katoni. Anakwera pa tayala lakutha n'kulengeza: "Tamverani, inu nkhuku ndi agalu a pabwalo lino! Ine amene ndinayamba kuyamwa petulo ndi paipi alamuwa asanamere ndevu, lero ndilowedwe m'malo ndi chitini? Chinthu ichi chizimwa mafuta ngati chidakwa!"

"Chabwino," anayankha wamatabwa, "ndikaitana makaniko wa kuseri kwa msika."

Mawu amenewo analasa ngati mkondo, ndipo nkhondo inabuka. Moni anatha. Makaniko anabisa gasiketi yomangira kabuletayo, mdani analanda sipanala, nkhuku zinathawira kunsi kwa lole. Pomaliza, posafuna kuti mlendo akhudze injini imene anailera yekha, Chigonjetsa-mabawuti anamanga kabuleta yatsopano ija. Anayesa kuimanga molakwika dala, koma manja ake anakana kunama. Kiyi kungopotozedwa, injini inalira nthawi yomweyo, osatsokomola n'komwe.

M'mawa mwake anavala ovolosi mwachizolowezi, n'kungokhala pabedi. Chapatali anamva kalole kakulira popanda iye, ndipo anasungulumwa koopsa.

Koma kunyumba kuja mlongo wake, Mfumukazi ya Ketulo, anali atalowa m'nkhondo. "Tiyi wa pakhomo pano amapsa achimwene akafika," anauza mwamuna wake. "Inu kamweni kabuleta yanuyo."

Wamatabwa anapirira mpaka milomo inauma gwaa, kenako anapita kwa Makaniko akuimba hutala, mpango woyera atamangirira ku thabwa.

"Alamu, injini ikulira bwino, koma ketulo yafa. Tiyeni mukaidzutse."

Pangano la mtendere linalumbiridwa pakhonde, agalu ali mboni: kuti m'mawa uliwonse, kiyi asanapotozedwe, Makaniko aziika chikhatho pa boneti, kuopa kuti injini ingayambe mwano. Hutala inalira, nkhuku zinatuluka kobisala, ndipo kabuleta yakale inatsukidwa ndi ulemu wonse n'kukwezedwa pa udindo wosungira shuga.

Mpaka lero tiyi wa pakhomopo amanunkha petulo, ndipo Makaniko amapempha kapu yachiwiri.