Ndinakalembera mayeso a Chingerezi kuchikamwini ku Nkaya

Anzanga, musafulumire kuseka, nkhaniyi ikadali kundiwawa pang'ono. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina pa Balaka pompano, ndipo ndikangopotoloka ana amanditchula kuti Dikishonale, dzina limene ndimanamizira kuti sindilidziwa koma mumtima ndimalikonda. Ndiye chaka chatha kunapezeka mwayi wa sikolashipu yokachita digiri yachiwiri kunja. Ndinatumiza zonse zofunika, anandiyankha kuti zili bwino, kwangotsala chinthu chimodzi: mwezi usanathe nditumize zotsatira za mayeso oonetsa kuti Chingerezi ndimachidziwa. Ine! Munthu amene ndimadula ana mamalikisi chifukwa choiwala kadontho kumapeto kwa chiganizo.

Chabwino, ndinakhala pansi kufufuza, ndipo sabata isanathe ndinali katswiri. Mayesowa si amodzi iyayi. Alipo a anthu opita kusukulu, amene amakupatsa nkhani zitalizitali za sayansi ndi zithunzi za manambala kuti ufotokoze zikutanthauza chiyani. Alipo ena ofanana nawo koma a anthu ofuna ntchito kapena kukakhazikika, m'menemo amakulembetsa kalata yodandaula kwa mwini nyumba kuti denga likudontha. Manesi ndi madokotala ali ndi awoawo, okhaokha a odwala ndi mankhwala. Ena umayankhula ndi munthu maso ndi maso, ena umayankhula ndi kompyuta ngati wamisala. Ndipo onsewa akangotha zaka ziwiri mphamvu yawo yatha, ngati kuti Chingerezi chimawola.

Ndinayamba kupereka uphungu mwaulere. Mkazi wa mphunzitsi mnzanga, nesi wa ku Liwonde, ndinamuuza oti alembe. Dalaivala wina wofuna kupita ku Canada ndinamukhazika pansi pa sitolo mpaka anasowa pothawira, kumufotokozera kuti ayambe wafunsa ofesi yoona za olowa m'dzikolo kuti imalandira mayeso ati, chifukwa amene sukulu yavomera si onse amene boma limavomera. Anthu ankandimvera, ine n'kumagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati dokotala.

Tsono ine ndinasankha ati? Alipo ena olembera pakhomo, pa laputopu. Ndi aafupi, otsika mtengo, zotsatira sizichedwa, ndipo yunivesite yanga inkawalandira. Izi ndi zimene ndinkauza anthu. Chifukwa chenicheni chinali chakuti mayeso enawo amalembedwera ku Blantyre, m'holo, ndipo ndinkaopa kukapezeka pa desiki yoyandikana ndi mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha Fomu 2. Mukanakhala inu mukanatani?

Malamulo ake ndi osavuta. Ukhale wekha m'chipinda, kukhale chete, nkhope ndi makutu zizioneka pa kamera, maso asachoke pa sikirini, usayankhule ndi munthu, ndipo nthawi ikayamba yayamba, palibe zoimitsa. Kumbali inayo kulibe munthu amene akukuonera pompopompo, kamera imangojambula zonse, eni akewo amadzaonera pambuyo pake.

Vuto linali chete. Kuseri kwa nyumba yathu kuli owotcherera zitsulo, pambali pali chigayo, ndipo kutsogolo kuli tchalitchi chimene chinagula masipika chisanagule mabenchi. Mkazi wanga, mayi a Shakira, ndi amene anabweretsa nzeru. Kwawo ndi ku Nkaya, ndipo mchimwene wawo amene ali ku Joni anamanga nyumba yanjerwa yomwe simukhala munthu, ya sola, netiweki yake yabwino kuposa ya m'tauni.

"Ndiwaimbire kumudzi akonze," anatero. "Ndiwauze kuti mukukatani?"

"Muwauze kuti ndili ndi zokambirana ndi a kuyunivesite ya kunja."

"Si mayeso kodi?"

"Ndati zokambirana."

Anaimba foni n'kunena momwemo. Munthu ungakauze bwanji apongozi ako kuti mphunzitsi wa Chingerezi akukayesedwa Chingerezi?

Loweruka m'mawa ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, laputopu kumsana, jekete ndi tayi m'jumbo kuti zisadye fumbi. Mayi a Shakira anatsala, anali ndi ntchito kusitolo. Nditafika ndinaona kuti pakhomo pali anthu ochulukirapo, ndipo avala zovala zopitira ku mzikiti Lachisanu tsiku la Loweruka, koma ndinangoti mwina pali sadaka penapake. Amene anandilandira ndi Che Amidu, amalume awo a mkazi wanga, mwini mbumba, munthu wamkulu amene anagwirako ntchito ku Joni kalekale ndipo sanalole kuti aliyense aiwale zimenezo. Anali atavala jekete la makolala aakulu.

"Ajimwiche uli, akamwini?"

Ndinayankha ndi Chiyao changa cha mawu owerengeka, tinagwirana chanza, kenako anafunsa kuti azunguwo afika nthawi yanji.

"Safika, ali m'kompyutamu."

"Eya, eya, zimenezo tikuzidziwa," anatero, n'kukonza kolala.

Apa mpamene ndikananena kuti chonde pasalowe munthu. Sindinanene. Ndinangoti ndikhala m'katimu pang'ono, chifukwa mkamwini sulamula anthu pakhomo pa eni ake. Chitseko cha chipindacho chinalibe loko, mmisiri anali asanaike, ndiye ndinangotsamiritsapo kampando.

Poyamba zinkayenda ngati madzi. Kusankha mawu olondola, kumaliza ziganizo, kulemba zimene wamva, ine n'kumamwetulira ndekha kuti kodi mayeso ake ndi amenewa? Kenako inafika nthawi yoyankhula. Funso linati ndifotokoze malo abata amene ndimakonda kukapumako. Ndinati zikomo kwambiri, ndi pompano. Ndinayamba bwinobwino, mawu ochokera m'mphuno pang'ono ngati owerenga nkhani pa wailesi, kuti kuli mudzi wina ku Balaka kumene munthu amamva mbalame zokha.

Sitima inaliza hutala.

Anzanga, ine ndinaiwala kuti Nkaya ndi mphambano ya njanji. Zaka zonsezi ndikupita kumeneko! Ndipo sinali sitima ya anthu ija yaifupi iyayi, inali ya katundu, zija mutu uli kuno mchira ukadali ku Mozambique. Malata anayamba kunjenjemera, tebulo kunjenjemera, nthawi pa sikirini ikungotsika. Ndikanatani? Ndinakweza mawu. Sitima inakweza ake. Ndinakwezanso. Mapeto ake ndinali kukuwa, mitsempha ili tolotolo m'khosi, tayi atandikanyanga, kuuza kompyuta kuti kuno n'kwa bata losaneneka, munthu amapeza mtendere wa mumtima.

Panjapo anthu anamva mkamwini akukalipa m'Chizungu. Anaona kuti zokambirana zavuta.

Ndinamva kampando kaja kakusuntha. Sindinatembenuke, lamulo silola, koma pakona ya sikirini pamakhala kachithunzi kako komwe, ndipo m'kachithunzimo, pamwamba pa phewa langa, munatulukira nkhope ya Che Amidu. Anamanga batani la jekete, anawerama pang'ono, n'kuyang'ana m'kamera.

"Good morning, my boss!"

Kenako anayamba kundipepesera. M'Chingerezi chawo cha ku Joni, chosakaniza ndi Chiyao pamene chaperewera, anafotokoza kuti mnyamatayu ndi wabwino, samwa mowa, ana ake amavala bwino, kukalipaku si khalidwe lake, mwina ndi njala chifukwa wanyamuka m'mawa. Ine maso ali pa sikirini, nkhope ili gwa ngati chithunzi cha pa chitupa, thukuta likutsikira m'khutu.

Kuyankhula sindingathe, kutembenuka sindingathe. Ndiye ndinatsitsa dzanja kunsi kwa tebulo, kumene kamera sikuona, n'kumalikupiza kuti atuluke. Tsono inu mukudziwa, dzanja ukaliweramitsa n'kumakupiza zala, kwathu kuno ndiye kuti chiyani?

"Akuti lowani!" anatero Che Amidu, kuuza a panja.

Analowa. Azakhali awo a mkazi wanga, alamu, oyandikana nawo nyumba, bambo wina wogulitsa nsomba zouma amene mpaka lero sindidziwa ubale wake, onse anavula nsapato pakhomo n'kukhala pansi mwaulemu. Apongozi anga aakazi sanalowe, anakhala pakhomo chammbali monga mwa mwambo, koma pamalo poti kamera inkawaona bwinobwino. Ndipo kunena zoona, anthuwa anakhala chete. Sindinganame. Anakhala chete wa kumaliro, onse maso ali pa ine.

Inafika nthawi yolemba ndime. Ndinati mwina apa ndipulumukirapo, ndinayamba kutayipa mwamphamvu. Kumbuyo ndinamva mayi wina akunong'ona kuti, "Nanga pano akutani?"

"Akusainirana," anatero Che Amidu. "Zatheka."

Nthungululu inalira. Ina inayankha panja. Ine ndikulemba za ubwino ndi kuipa kwa maulendo a pandege, munthu woti ndege ndimangoiona m'mwamba.

Funso lomaliza linali loyankhulanso, lalitali. Linati ndipereke maganizo anga ngati makompyuta angadzalowe m'malo mwa aphunzitsi, ndipereke ndi zifukwa. Funso langa lenileni, loti tsiku lina lililonse ndikanayankhula mpaka batire kutha. Ndinatsekula pakamwa. Anzanga, Chingerezi chinachoka. Chonse. Cha ku pulayimale, cha ku koleji, cha m'mabuku amene ndimanyadira kuti ndinawerenga, chinanyamuka n'kukwera sitima ija. M'mutu munangotsala mawu a Chiyao owerengeka aja. Ndinati "eee". Ndinatinso "eee".

Che Amidu anaweramira kukhutu kwanga, khutu lomwe lija malamulo amati lizioneka.

"Nenani yes boss. Azungu sakonda munthu wochedwa kuyankha. Yes boss."

Ndipo ine, Dikishonale, mphunzitsi wa Fomu 4, ndinayang'ana m'kamera n'kunena kuti, "Yes boss."

Nthawi inali ikadalipo pang'ono, koma ndinalibenso choti ndiwonjezere. Che Amidu anaona kuti ntchito yatha, anakweza manja kuyamba duwa, kupempha kuti ulendo wa mkamwini ukhale wofewa. Onse anakweza manja. Ine manja anga anakwera okha, monga achitira ndikakhala kumeneko, ndipo pa "Amina" ndinapukuta nkhope ndi zikhatho zonse ziwiri. Chomaliza chimene kamera inajambula ndi munthu wobisa nkhope, kumbuyo kwake kuli mudzi.

Anandiphera nkhuku. Ndinadya ndi mpunga, mwakachetechete, anthu akundiuza zoti ndidzawatumizire. Wa nsomba zouma uja anati iye safuna zambiri, wotchi basi.

Imelo inabwera patapita masiku ochepa. Inati zotsatira zanga sangazivomereze, ndipo inapereka zifukwa mwaulemu kwambiri. Choyamba, m'chipindamo munaoneka munthu wina. Munthu wina! Anthu amenewa analeredwa bwino. Chachiwiri, nkhope yanga sinkaoneka nthawi zonse. Chachitatu ndi chimene chinandibaya: zikuoneka kuti ndinalandira thandizo poyankha.

Ndinathamangira kufunsa za mayeso a ku Blantyre aja, malo anali atadzaza mpaka mwezi wotsatira. Kulembanso a pakhomowo, zotsatira sizikanafika nthawi yake. A sikolashipu anandiyankha kuti pepani, mudzayesenso chaka chamawa. Usiku wake sindinadye. Mayi a Shakira anayesetsa ndithu kundimvera chisoni, anandigwira paphewa, koma nditafika pa "yes boss" anatuluka panja, ndipo ndinawamva akuseka mpaka kutsamira khoma.

Amene anatsala kuti ndiwauze ndi Che Amidu, chifukwa kumudzi anali atayamba kufunsa tsiku londiperekeza ku bwalo la ndege. Ndinawaimbira ndekha. Ndinati amalume, ulendo uja walephereka, ndipo sizinali zokambirana iyayi, anali mayeso a Chingerezi, ndipo sanawalandire.

Anafunsa modabwa:

"Mayeso a Chizungu?"

"Eya."

"Nanga bwanji simunanene, akamwini?"

Ndinati ndinalakwitsa, ndinachita manyazi. Ndinkadikira kuti mwina apepesa, ndipo ndinali nditakonzeka kale kunena kuti palibe kanthu.

"Ine ndinamva ndithu kuti Chizungu chikukuvutani," anatero mwachifundo. "Vuto ndi lakuti ndinalowa mochedwa. Musadandaule, ulendo winawo ndidzakhala pambali panu kuyambira poyambirira."

Ndinati sikomo, m'Chiyao changa chija. Nanga ndikanati chiyani?

Chaka chino ndikulembanso, ndipo ndalumbira: kuchikamwini ndizipita kukadya nkhuku basi, mayeso iyayi. Ndikalembera ku Blantyre, m'holo ya mlonda pageti, kumene ngakhale mkazi wako salowa. Tsiku lake sindinauze munthu. Che Amidu aimba kale kangapo kufunsa, akuti za malo ogona ndisavutike nazo, ali ndi mphwawo ku Limbe.