Dzenje la a Malachy

Malemu a Malachy McGourty ankakwirira dzenje. Ng'ombe anali nazo, zisanu ndi ziwiri, zowonda ngati za wina aliyense wa dziko la madambo ndi miyala lino, koma mukafunsa munthu kuno ku Killabrack kuti mkuluyo ankagwira ntchito yanji, angokuuzani kuti ankakwirira dzenje. Dzenje lake limodzi lomwelo, zaka makumi awiri ndi zitatu, Lamulungu lililonse misa ikangotha. Ife tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Amene sankaseka ndi chibwenzi chawo, Philomena Rooney, yemwe timangomuitana kuti Mena.

Mena kwawo ndi kutsidya kwa kamtsinje, ku Fermanagh. A Malachy anali a tsidya lino la Leitrim. Kamtsinje kake n'koti munthu angakalumphe, koma akuluakulu ena amene sanapondepo kuno anakasandutsa malire a mayiko awiri. Kuchokera pakhomo pa Mena kufika ku tchalitchi chathu inali mailo imodzi basi, kudzera pa mlatho. Ndiye m'chaka cha 1971, kutatsala milungu itatu kuti ukwati wawo uchitike, asilikali a kutsidyako anaphulitsa mlatho ndi msewu womwe, eti kuti zigawenga zisamadutsepo. Panatsala chidzenje choti nyumba n'kulowamo. Wofuna kubwera pa galimoto ankayenera kuzungulira phiri lonse, mailosi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.

"Palibe vuto," anatero Mena, yemwe nthawiyo anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. "Ndivala majombo, ndinyamula diresi m'manja, ndilumpha."

"Kulumpha? Mkwatibwi wa McGourty kulumpha mtsinje ngati nkhumba yozembetsa? Ayi ndithu! Ndagula galimoto ine."

Anali atagulitsadi ng'ombe ziwiri n'kugula chigalimoto chakuda chakalekale, cha tsiku limenelo basi.

"Chabwino, tizungulire phirilo."

"Tikazungulira ndiye kuti apambana iwowo. Iwe Mena, udzadutsa pa msewu uwu, uli khale pa mpando wakumbuyo. Ingondipatsa Lamulungu limodzi."

Lamulungu loyambalo kunali ngati kuphwando. Mudzi wonse unakhamukira ku malire, mathalakitala asanu ndi anayi, amayi ndi tiyi ndi buledi wawo. Pofika madzulo dzenje linali tho. Lachiwiri asilikali anabweranso. Phuu! Mawindo a tchalitchi mpaka ananjenjemera. A Malachy anapita, anasuzumira pansi, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Laleroli n'laling'ono. Ayamba kutopa anthuwa."

Linali lalikulu kawiri kuposa loyamba lija.

Basi moyo unakhala umenewo: ife kukwirira, iwo kuphulitsa. Koma mudzi sudya dzenje. Theka la ogula m'masitolo athu linkachokera kutsidya, ndipo msewu utatsekeka masitolo anayamba kutseka imodziimodzi. Fakitale yamkaka inatseka. Anyamata ananyamula zikwama ulendo wa ku England ndi ku Amereka. Mathalakitala asanu ndi anayi aja anakhala anayi, kenako imodzi, kenako kunatsala wilibala ya a Malachy yokha, ikulira kwii, kwii, kutsetsereka ndi msewu.

Zimene munthu uja anaponya m'dzenje! Anatola miyala yonse ya m'munda mwawo, mwakuti m'boma lonse la Leitrim munda wopanda mwala unali wawo okha, koma nthawi yoti alimemo analibe. Anaponyamo chitofu. Anaponyamo bedi la malemu mayi awo. Sukulu itatsekedwa chifukwa chosowa ana, anakazula zitseko zake. M'chaka chachisanu ndi chinayi Mena ataima tsidya lake anangoona chinthu chakuda chikugubuduka.

"Inu a Malachy! Si galimoto ya ukwati wathu imeneyo?"

"Yachita dzimbiri. Koma taona mmene yakhalira bwino pansipo! Amenewo ndiye maziko."

Tsiku lina msilikali wina wachikulire, yemwe anali ataphulitsa msewuwo kambirimbiri mpaka kuzolowerana nawo, anawakuwira ali kutsidya.

"Madala, kodi simutopa?"

"Anayamba kukumba ndani? Siyani inuyo, nanenso ndisiya."

"Ife tatumidwa, madala."

"Inenso ndatumidwa. Ndi uyo waima apoyo."

"Bodza!" anakuwa Mena. "Ine sindinatume munthu!"

Chopsetsa mtima n'chakuti kamtsinje kaja kankawolokedwa ndi chilichonse. Batala ankawoloka. Shuga ankawoloka. Nkhumba zozembetsa zinkawoloka kawirikawiri mpaka zinaidziwa njira zokha, mwini wake ankangotsatira pambuyo. A Malachy eni akewo, akamaliza kukwirira, ankapinda buluku n'kuwoloka kukamwa tiyi kwa Mena, matope mpaka m'mawondo. Chinthu chimodzi chokha chimene sichinkaloledwa kuwoloka chinali mkwatibwi.

Wansembe wathu, Bambo Tiernan, anayesa.

"A Malachy, ndiwoloka ineyo, ndikakudalitseni ku tchalitchi cha kwawo."

"Nanga tikatuluka m'tchalitchimo, mkaziyo afika bwanji kunyumba kwanga?"

"Mmene mumafikira inuyo kwawo."

"Bambo, inu za ukwati mukuzidziwira kuti?"

Wansembe anangovala chipewa n'kumapita.

Mena diresi lake laukwati analikulitsa kawiri, kenako analibwereketsa kwa ana a anzake, atsikana amene anawaona akubadwa. Pa ubatizo anagwirizira ana asanu ndi mmodzi, onse a eni. Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, Lamulungu lina anawathirira a Malachy tiyi, n'kukhala moyang'anana nawo.

"A Malachy, tandimverani kamodzi kokha. Ine ndikufuna mwana, wangawanga. Masiku anga akutha, mukundimva? Mkazi sadikira ngati mwala."

A Malachy anaika kapu pansi. Mena anaganiza kuti mwina lero zalowa.

"Ndamva kuti chaka chamawa asilikali asiya," anatero a Malachy. "Mabomba akuwathera."

Mudzafunsa kuti bwanji sanawasiye. Akanapita kwa yani? Amuna onse a msinkhu wake anali ku England akumanga misewu ya eni. Pakhomo anali ndi bambo ake odwala ndi ng'ombe zoti akame. Komanso, tinene zoona, ankawakonda. Munthu uja ankamuseketsa mpaka misozi, analibe nkhanza, analibe chibwenzi china. Anali ndi dzenje basi, ndipo dzenjelo linkabwera poyamba.

Mtendere utabwera mu 1994, boma linatumiza makina. Ntchito imene inadya moyo wa munthu, makinawo anaimaliza masiku asanu ndi anayi. Poyamba anafukula zonse zinali pansi zija: chitofu, bedi, zitseko, chigalimoto.

"Ndi wamisala uti ankataya zinyalala muno?" anafunsa kapitawo, a Malachy ali chiimire pambali pake.

Tsiku lotsegulira kunabwera mabwana a mataye, a tsidya lino ndi a tsidya lija, anthu oti dzenjelo sanalionepo. Analankhula za kupirira kwa anthu a m'malire, akugwirana chanza. Dzina la McGourty silinatchulidwe. Wojambula zithunzi ndiye yekha anawalankhula.

"Madala, tachotsani wilibalayo, ikuwononga chithunzi."

Anaichotsa mwaulemu. Mawa lake m'mawa anabwereka galimoto ya wansembe, anavala suti imene anagulira ukwati mu 1971, mabatani osafikana, n'kudutsa pa mlatho watsopano akuliza belu. Anaima pakhomo pa Mena, anatsika, anatsekula chitseko chakumbuyo n'kuchigwira.

"Mena! Msewu uja watheka. Sindinakuuze?"

Mena anatuluka manja ali ufa wokhawokha. Anayang'ana galimoto, anayang'ana suti.

"Ndili ndi zaka makumi asanu, a Malachy."

"Koma ukuoneka bwinobwino."

"Ine sindinkafuna msewu. Ndinkafuna ana atatu, ndipo mayina awo ndinali nditasankha kale. Mwandidyera moyo, inu ndi asilikali anuwo, mwachita kugawana. Pitani kwanu. Msewu ndi wabwino, simuchedwa."

A Malachy anatseka chitsekocho pang'onopang'ono ngati muli munthu wogona. Kutsidyako sanapitekonso.

Anakhalanso ndi moyo zaka ziwiri. Lamulungu misa ikatha ankatulutsabe wilibala, n'kumayendayenda nayo m'mudzi kufunafuna pokumbika poti akwirire, koma phula linali paliponse. Anawapeza masana ena atakhala pa wilibalayo, fosholo ili pamiyendo, atapita kale. Pa maliro tinalipo anthu khumi ndi anayi. Mena anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo pamene ife tinayamba kukamba za chigalimoto chija n'kumaseka, iye ananyamuka.

Masiku ano Lamulungu ku Killabrack kuli zii. Kale tinkati tikamva kwii, kwii, tinkadziwa kuti pali munthu mmodzi amene akukhulupirirabe kuti mudzi uno uli ndi mawa, ngakhale anali chitsiru. Msewu ndi wosalala, koma sunabweze aliyense. Anyamata amene anatsala ndiwo anatulukira pomwepo. Munda wopanda miyala uja unagulidwa ndi kampani yobzala mitengo ya paini, ndipo nyumba ya a McGourty ili mkati mwa mdima wa mitengoyo, denga litagwa. Mena amawasowa a Malachy, ndipo zimamukwiyitsa kuti amawasowa.

Chaka chatha a kampani ya mitengo aja anafika kwa iyenso, amuna awiri aulemu, ndi mapepala awo. Mena wakalamba, ng'ombe sangathenso kukama. Anawerenga mapepalawo mpaka kumapeto, n'kupempha cholembera.

"Musafulumire, mayi," anatero mmodzi wa iwo. "Mwina mungafune kuyamba mwafunsa ana anu. Ali kuti, ku England?"

"Ali pafupi," anatero Mena. "Onse atatu ali pansi pa msewu mwadzerawo."

Amunawo anayang'anana osamvetsa. Mena anasaina.