Chowawa cha a Zikhalo

Ku Lobi kuno, munthu akakwinya nkhope ngati waponda minga, sitifunsa kuti chavuta n'chiyani. Timangoti, "Wamwa kwa a Zikhalo." A Zikhalo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chakumwa chosawawa ndi cha ana oyamwa, ndipo anatha moyo wawo akuyesa kutitembenuza ife okonda shuga.

Matendawa anawatenga ku mishoni, kumene anali khukhi wa wansembe wina wa ku Italy, Bambo Stefano. Chakudya chisanafike patebulo, wansembeyo ankathira m'tambula mowa wa kwawo, wofiira ngati magazi a nkhuku komanso wowawa ngati ndulu, n'kuwonjezera soda ndi kachidutswa ka lalanje. Ankati mowawo "umatsegula m'mimba." Ankatanthauza kuti umadzutsa chilakolako cha chakudya, kungoti Chichewa chawo chinali chotsimphina. A Zikhalo anawatola mawuwo momwemo, ndipo palibe amene anatha kuwasinthitsa.

Wansembeyo pobwerera kwawo anagawira antchito katundu. Wina analandira njinga, wina wailesi. A Zikhalo anapempha bokosi la mabotolo.

"Anzanu akukwera njinga," anatero akazi awo, amake Mervis. "Inu mukwera botolo?"

"Amake Mervis, tayala limaphwa. Luso siliphwa."

Anatsegula kabala kawo moyang'anana ndi pamene ine ndimagulitsira kachewere, motero zonse ndinkaziona. Epuloni yoyera, supuni yaitali, ndi chikwangwani pakhomo: IMWANI MUTSEGULE M'MIMBA. Sabata yoyamba kunalowa ntchentche zokha.

Woyamba kulimba mtima anali Tony, dalaivala wa minibasi.

"Madala, wozizira mmodzi. Ndili pachangu."

"Wachangu amwe madzi. Khala pansi."

Anathira chofiira chija, kufinyiramo pichesi, n'kutakasa pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana.

"Ayezi mulibe?"

"Ayezi ku Dedza? Ika tambula pazenera, mphepo igwire ntchito yake."

Tony analawa. Maso anatuluka, khosi linalowa m'mapewa.

"Madala, ndinakulakwirani chiyani?"

"Imwanso. Koyamba lilime limakana, kachiwiri limaganiza, kachitatu limapepesa."

"Langa likufuna loya!"

Koma mawa lake Tony anabweranso, atatenga anzake kuti nawonso avutike. Umu ndi mmene tonse tinakodwera. Chosakaniza chilichonse chinali ndi dzina. Cha pichesi chinali Mpongozi Wamwetulira. Cha thobwa chinali Wansembe Kumudzi, ndipo chimenecho ngakhale eni ake ankamwa atatsinzina.

Mabotolo a ku Italy atatha, tinaganiza kuti tapulumuka. Ayi ndithu. A Zikhalo anakwera phiri ndi chikwanje, nabwera ndi khungwa la mbawa. Anaviika m'kachasu pamodzi ndi makoko a ndimu, chidede chofiiritsa, ndi mizu ina imene sanatiuze. Poyesa anathira pang'ono m'mbale ya mbuzi yawo, mbuzi imene inadyapo sopo ndi buku la nyimbo za m'tchalitchi. Inanunkhiza, inawayang'ana nthawi yaitali, n'kupita kukakhala kwa aneba.

"Mwaona?" anatero a Zikhalo monyadira. "Mphamvu zake n'zofanana ndi za ku Roma."

Tsiku limene sitinaseke linali la chinkhoswe cha mwana wawo Mervis. Mnyamata, Kingsley, anali wa ku Kaphuka, ndipo amalume ake anali atanena kale poyera kuti mwana wa mwini bala sangasunge banja. Anabwera atamanga nkhope, akungofuna chifukwa. Amake Mervis anabisa chigubu cha chowawa m'nkhokwe, pansi pa chimanga.

"Bambo, lero lokha," Mervis anawachonderera. "Thobwa alipo wokwanira."

"Mwana wanga, mlendo wolemekezeka ndim'patse phala?"

Nkhani zili pakati, tinangoona a Zikhalo akubwera ndi thireyi, epuloni ili ndi mankhusu a chimanga. Anagwada pamaso pa amalume aja. Mervis anaphimba nkhope ndi chitenje.

Amalumewo anamwa kamodzi, kwakukulu. Misozi inatsika. Anaimirira, anayenda mpaka pamtengo wa mapeyala, anaugwira, anabwerera. Kingsley anali atatuwa ngati phulusa. Ine ndinayamba kale kuyang'ana njira yothawira.

"Mtsikanayu," anafunsa ndi mawu osasa, "wakula ndi zimenezi pakhomo?"

"Kuyambira ali wamng'ono amanditsukira matambula."

"Ndiye tamutenga. Amene wapirira izi, palibe cha m'banja chimene chingamugwetse."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. A Zikhalo anamva ngati atamandidwa, ndipo anathira tambula yachiwiri, imene amalumewo anaikana mwaulemu kwambiri.

A Zikhalo atakalamba, ankaitana aliyense wodutsa. "Bwera ndikuonetse muyeso wake." Achinyamata ankaseka. Ifenso akuluakulu tinkati mawa, pakuti a Zikhalo ankaoneka ngati phiri, chinthu chimene chidzakhalapobe. Anadwala chibayo m'nyengo yozizira chaka chatha, ndipo sanachedwe.

Pamaliro Mervis anafunsa ngati alipo amene anaphunzira kasakanizidwe kake. Amuna tonse amene tinamwa kumeneko zaka ndi zaka tinayang'ana pansi.

M'kabala kaja tsopano muli mnyamata wogulitsa timabotolo ta mowa wotsekemera, woyaka ngati petulo. Umatsika mosavuta. Dzuwa lisanafike pamutu, ana a anzathu agona kale m'ngalande, ena akumenyana. Apa m'pamene tazindikira kuti kwa a Zikhalo sitinaonepo munthu ataledzera. Ukanaledzera bwanji? Tambula imodzi inkakutengera masana onse. Pakati pa kulawa ndi kulawa unkafunika kupuma, ndiye unkalankhula: za feteleza, za mwana wodwala, za malire a munda amene akanapita kubwalo koma anathera pabenchi. Lero tikakumana timapatsana moni titaimirira.

Sabata yatha ndinakapereka kachewere kwa amake Mervis. Ndinawapeza pakhonde, atayala chidede padzuwa.

"Mukufuna kuyesa, mayi?"

"Ndiyese chiyani? Zaka zonsezi ndinkangolalata, sindinayang'ane n'komwe zimene ankathira." Anatembenuza chidedecho ndi dzanja. "Ndangokolola poti anadzala okha. Pakhomo pano pali zii, achimwene. Ndimadzuka m'mawa mawu ali okonzeka pakamwa, wowalandira palibe."