Banjo ya Kuseri kwa Mpanda wa Nabanda

Anzanga, nkhani za anthu ndakuuzani zambiri, zina munazimva kwa ine eni ake asanazidziwe n'komwe. Lero ndikuuzani yanga, chifukwa ndikapanda kutero mukaimva kuchigayo itakometseredwa kale, ndipo okometserawo ndinawaphunzitsa ndine.

Zinayamba ndi nyimbo basi. Titagulitsa fodya ndinagula kafoni kolowa memole khadi, n'kupita nako pa Nsaru kwa obena nyimbo kuti andiikiremo za kwaya. Ndili chidikirire, wobenayo ankaonera azungu ena pa kompyuta yake, amuna a zipewa zikuluzikulu ataunjikana pa maikolofoni imodzi ngati nkhuku pa lichero. Wina gitala, wina chigitala chachikulu choimika pansi, wina kaja kokhwekhweretsa paphewa, koma amene anandigwira mtima ndi wa banjo. Inkalira ngati matalala pa malata, mwini wake nkhope ili duu ngati sakuchita kanthu. Ndinafunsa kuti kodi ndi kantule yemweyu wa pa wailesi? Akuti ayi mayi, uyu dzina lake ndi bulugilasi, magulu akalekale a ku Amereka. Ndinati kwaya ija isiyeni, ya kutchalitchi ikukwana.

Kuyambira pamenepo kusesa ndi banjo, kuswa mtedza ndi banjo. Mawu sindimva ngakhale limodzi, amaimbira m'mphuno ngati onse anadwala chimfine tsiku limodzi, koma anthu ake ndi aulemu, amapatsana mpata. Wa gitala akaimba kake abwerera m'mbuyo, wokhwekhweretsa alowa, ndiye pomaliza wa banjo adzasesa zonse. Ng'oma mulibe, koma phazi limagunda lokha.

Tsopano amuna anga a Phiri ndi munthu wa phee. Anthu amati pa unyamata wawo ankaimba banjo ya chigubu m'maukwati, iwo ndi mnzawo malemu a Nkhoma, koma pondifunsira ine anali atasiya kale, moti ndinkangoti ndi mbiri za amuna zimenezo, aliyense anali katswiri kale. Ndiye ndikatsegula foni ndinkawaputa.

“Mwamva a Phiri? Amuna anzanu zala zawo zimayankhula. Zanuzi n'zosokera fodya ndi kutolera nkhomo za bawo.”

Iwo amvekere, “Eya.” Basi.

Pasanapite nthawi zinthu zinayamba kusowa pakhomo. Chikopa cha mbuzi chimene tinayanika pa denga la khola chinapita, ndinati agalu. Sefuliya yanga yaing'ono yophikira ndiwo inapita, ndinati akuba, ndipo mayina awo ndinawatchula kumjigo, Mulungu andikhululukire. A Phiri nawo dzuwa likangopendeka ankasowa, akuti ku bawo. Ine kumangoti pitani, ndimvere azungu anga mwamtendere.

Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinadzera kuseri kwa mpanda wa Nabanda, mkazi wamasiye wa malemu a Nkhoma aja. Amuna ake anamwalira m'dzinja, ndipo anali asanasudzulidwe. Mwambo wathu mukuudziwa. Abale a mwamuna asanabwere kudzamusudzula, wamasiye akadali mkazi wawo, mwamuna wina kumuzungulira ndi mlandu, ndipo katundu wa malemu satuluka pakhomo ngakhale khasu. Ndiye ine ndikudutsa, mtolo wa mpiru uli pamutu, ndikumva banjo m'kati mwa mpanda. Osati ya pa wailesi, yamoyo, yolakwitsa n'kubwerera. Kenako kukhosomola kwa mwamuna.

Ndinatula mpiru. Mpandawo unali watsopano, udzu wothinana, ndinasuzumira paliponse osaona kanthu mpaka ndinagwada n'kuyang'ana chapansi. Ndinangoona mapazi a nsapato za matayala, limodzi likugunda pansi. Kodi mwamuna wake uti kwathu kuno alibe nsapato za matayala? Koma nyimbo imene ankayeserayo inali imodzi ya m'foni yanga, yothamanga ija ndimaikonda poswa mtedza. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa kuti kodi nyimbo imeneyi m'mudzi muno imalira pakhomo pa yani? Ine ndinati ameneyu ndi munthu woyenda, mwina kapitawo wa ku esiteti.

Madzulo pa chakudya sindinadikire n'kusamba m'manja komwe.

“A Phiri, Nabanda wapeza mwamuna.”

“Eti?”

“Woimba banjo. Ndipo amaimba, osati masewera. Ndikanakhala ine bwenzi nditathawa naye dzana.”

A Phiri anatsamwa, ndinachita kuwapatsa madzi. Atapuma anafunsa, “Amaimba bwino ndithu?”

“Inu simungamve zimenezi.”

Kukamwa kukufuna kumwetulira, anati, “Nagama, nkhani imeneyo muisiye. Isatuluke m'nyumba muno.” Ine ndinati nsanje yawagwira. Ndipo kundiuza ine kuti nkhani isatuluke kuli ngati kuuza nkhuku kuti isapalase.

M'mawa nkhani inali kumjigo, masana inali kuchigayo. Kuchigayoko ndi kumene ndinawonjezera mawu amene mpaka lero ana amandiimbira m'njira. Ndinaima pakati pa amayi, manja m'chiuno, ndimvekere, “Ine Nabanda sindikumudandaula. Amene ndikumumvera chisoni ndi mkazi wa bamboyo. Mwamuna kusowa pakhomo masana onse, iwe uli phee osadziwa kanthu? Chimenecho ndi chitsiru cha mkazi, chofunika kuchimangirira belu.” Nachisale, amene nyumba yake yayang'anizana ndi chipata cha Nabanda, anaseka mpaka kukhala pansi pa thumba la mgaiwa, misozi mbwembwembwe. Ena anabisa kukamwa m'zitenje. Ine ndinati lero ndiye ndaikamba bwino.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndili ndi nkhope. Koma ndinaona kuti abale a malemu ayenera kudziwa, poti ndine munthu wokonda mwambo, makamaka ukamagwera ena. Mlongo wawo wa malemu, Nankhoma, amakhala m'mudzi wina cha ku Kabudula uko. Ndinatenga njinga ya a Phiri osawauza. Pamtunda inkayenda bwinobwino, koma pofika potsetsereka polowera kudambo ndikuti ndigwire buleki, chogwirira chili lende. Ndigwire chinacho, chimodzimodzi. Njinga inanditenga ngati ndi yake nkhaniyo, inasiya njira, inaboola mpanda wa dimba la eni ake, ine n'kukagwera pa bedi la mpiru, mwendo kumwamba. Mwini dimba anasiya khasu n'kubwera pang'onopang'ono.

“Mayi, mwabwera kudzagula kapena kudzagona?”

Nditadzuka ndinayang'ana njinga ija, mawaya onse awiri a mabuleki palibe. Chikopa, sefuliya, mawaya. Inu amene mukuwerenga mwadziwa kale eti? Ine ndinati akuba a masiku ano alibe manyazi, n'kupitiriza ulendo ndikukankha njinga, matope mpaka m'khutu.

Nankhoma atamva anapsa mtima zenizeni. Ananena poyera kuti zikapezeka zoona, Nabanda sadzaona ngakhale lata limodzi la nyumba imene anamanga mlongo wake, ndipo kumusudzula kudzakhala kwa mlandu. Kunena zoona, pamenepo mtima unandigunda pang'ono, poti Nabanda ali ndi ana ndipo sanandilakwirepo. Koma nkhani inali itachoka kale m'manja mwanga, mabuleki ake nawonso munalibe.

Mawa lake Nankhoma anafika ndi malume awo a malemu, mkulu wa ndodo ndi jekete. Dzuwa litapendeka a Phiri anati akupita ku bawo, ine ndimvekere pitani, mudzamva pobwera. Ndinavala chitenje chatsopano. Tinayenda, ine patsogolo, amalume pambuyo panga, Nankhoma, ndiye amayi a kuchigayo aja atandandalika m'mbuyo, ena ndi ana kumsana, ena atasiya ndiwo pamoto. Banjo inkamveka tili patali. Amalume anaima pang'ono kumvetsera, nkhope itasintha, koma ine ndinawafulumizitsa.

Pachipata ndinakonza mawu n'kukuwa kuti aliyense amve.

“Tulukani bambo wa banjo, tikuoneni. Kodi mkazi wanu akudziwa kuti muli kuno?”

Banjo inaleka. M'katimo munatuluka mawu amene ndakhala nawo m'nyumba imodzi kuyambira ndili mtsikana.

“Wadziwa tsopano.”

Amalume anakankha chitseko cha mpanda ndi ndodo. Pansi pa mtengo wa mango panali a Phiri, amuna anga, atakhala pa kampando, banjo ili pamwendo. Pambali pawo a Banda, mlongo wake wa Nabanda, atakumbatira ndowa yomwe ankaiomba ngati ng'oma. Nabanda mwini wake panalibe. Ndipo banjoyo, anzanga, ndinaizindikira ngati mwana wanga. Mimba yake inali sefuliya yanga, chopindika cha m'mbali chija chili pomwepo, ataikuta ndi chikopa cha mbuzi yathu, mawaya ake a njinga imene inandigoneka pa mpiru.

A Banda ndi amene anafotokoza, mosathamanga. Akuti a Phiri anabwera kudzapempha banjo ya mnzawo, atatopa ndi kunyozedwa zala kunyumba. Anapeza chigubu chake chitadyeka ndi dzimbiri, wangotsala mtengo ndi zokungira mawaya. Koma poti katundu wa malemu satuluka pakhomo asanasudzule, anagwirizana kuti aikonzere pomwepo n'kumaimbira pomwepo. Akafika iwo Nabanda amapita kudimba, a Banda n'kukhala nawo kuti pasakhale chonena.

“Tinasamala mbali zonse,” anatero a Banda, “tinangoiwala kuseri kwa mpanda.”

Amalume anatenga banjo ija n'kuitembenuza, akusisita mtengowo pamene panasalala ndi dzanja la malemu. Kenako anaibweza n'kupempha nyimbo imene malemu ankakonda. A Phiri anaimba. Nankhoma, amene anabwera kudzazula malata, anakhala pansi n'kuyamba kulira. Itatha imeneyo anapempha ina. Ine ndili chiimire pachipata m'chitenje changa chatsopano, kulowa osalowa, kuthawa osathawa, poti m'mbuyo monse munali amayi. Ndipo choipa kwambiri n'choti phazi langa linkagunda.

Nabanda anatulukira ndi ndowa ya madzi pamutu, anthu n'kumupatsa njira. Nkhani yonse anali ataimva kale kuchigayo. Anatula ndowa, anapereka moni kwa apongozi ake mogwada, kenako anatembenukira kwa ine.

“Amwali, mwabwera kudzatenga mwamuna kapena sefuliya? Poti zonse n'zanu.”

Kumbuyo kwanga Nachisale anafunsa mokoma mtima, “Nagama, nanga chitsiru cha mkazi chija mwachipeza? Belu ndili nalo kwathu, la ng'ombe.”

Mlandu wake sunatalike. Amalume anandiuza kuti ndipepese kwa Nabanda ndi tambala wanga wofiira, ndiponso ndibwerere kumjigo ndi kuchigayo kukafafaniza nkhani ndi pakamwa pomwe ndinaiyambira. Ndinapita, ndipo sindinaonepo chigayo chitadzaza chonchija, ena anabwera opanda n'chimanga chomwe. Nabanda anadzasudzulidwa mwaulemu, malata ake ali pomwepo mpaka lero, ndipo pogawa katundu amalume anapereka mtengo wa banjo uja kwa a Phiri. Sefuliya ili ndi zibowo mbali zonse, siidzaphikanso.

Koma tsiku lija pobwerera kunyumba, ine patsogolo mutu uli pansi, a Phiri ankanditsatira pambuyo mpaka tinafika pa khola. Pamenepo anakhosomola, kukhosomola komwe kuja ndinakumva kuseri kwa mpanda.

“Nagama, paja munati woimbayo muthawa naye. Ndine ndili pano. Koma tiyenda wapansi, njinga ilibe mabuleki.”

Masiku ano foni ndimaitsegula mwa apo ndi apo, poti bulugilasi ndili naye pakhonde, wa nsapato za matayala, ndipo zala zake sindizinenanso. Miseche sindikulonjeza kuti ndasiya, ndingakunamizeni. Koma ndalumbira kuti ndikadzamvanso mwamuna akukhosomola m'mpanda mwa eni ake, ndisanatsegule pakamwa ndiyambe ndathamangira kunyumba kukaona ngati wanga alipo, ndi masefuliya omwe.