Kumbuyo kwa Amalume

Lolemba, 10 Novembala

Takondwa wabwera kuchokera kusukulu yunifolomu itanyowa mpaka pachifuwa. Kope lili m'manja, masamba onse amatana. Akuti waterereka pa mtengo wowolokerapo. Iye akuseka. Wosaseka ndine.

Ndapita kukauona mtengowo. Wang'ambika pakati, kunsi chiswe chadya. Ukauponda ukulira ngati chitseko chakale. Lero madzi akundifika m'mawondo ine wamkulu, chonsecho mvula sinayambe n'komwe, kwangowaza kuphiri. Sindikunena za napolo ayi. Ndikunena madzi wamba, ofika m'khosi mwa mwana wa Sitandade 1.

Sukulu ili tsidya lina. Chigayo tsidya lina. Sikelo ya khanda tsidya lina. Tsidya lino kuli ife ndi manda basi.

Madzulo kwamveka uthenga. Lachisanu kuli msonkhano pasukulu, tisankha wapampando wa komiti ya chitukuko. A khansala abwera, ndipo zimene mudzi upemphe tsiku limenelo ndi zimene akatule ku khonsolo kuboma.

Zofunika:
- mlatho unenedwe pamsonkhano
- wounena asakhale ine. Kwathu n'kunyanja ya Chilwa, kuno ndine mkamwini. Mkamwini akaimirira pagulu anthu samva zimene akunena, amayamba kufunsana kuti kodi ameneyu anakwatira kwa yani
- ndipeze munthu wa pakamwa

Lachiwiri, 11 Novembala

Munthu wapezeka. A Jailosi, akalipentala a pamsika. Ndawapeza akupala chitseko, utuchi mpaka m'nsidze. Akuti akuima nawo pa mpandowo.

"Mlatho? Achimwene, zidzukulu zanga zimawoloka pomwepo. Nkhani yoyamba ndikangokhala pampando ndi imeneyo."

Asiya ntchito, tapita ndi chingwe kukayeza mtsinje. Munthu wodziwa zinthu amaoneka. Akuti pakufunika:
- mabulugamu aatali owongoka
- matabwa
- misomali ikuluikulu
- simenti pang'ono ya m'mbalimu

Simenti ndi misomali tipemphe ku khonsolo. Mitengo tisonkhe tokha, a khansala aone kuti sitikungotambasula manja.

Pobwerera andifunsa, "Koma voti yanu ili kwa ine?" Ndati ili kwa inu. Tagwirana chanza.

Masana ndagwetsa mabulugamu anga awiri, aja ndimasungira denga la khitchini. Mayi a Takondwa aima pakhomo. "Ndiye ine ndiziphikabe pamvula?" Ndati chaka chino chokha. Ndasenda makungwa, ndaigoneka kuseri kwa nyumba. Paphewa pasupuka koma mtima uli m'malo.

Lachitatu, 12 Novembala

Andiitanitsa a Mukhova, amalume a mkazi wanga. Mwini mbumba ndi iwo. Munda wa nandolo umene ndikulima anandilozera ndi iwo, malo a nyumba ndi iwonso. Wapampando amene alipo pano ndi iwo omwe, ndipo ine ndimayesa kuti atopa.

Sanatope. Akuimanso.

Ndakhala pansi chapatali, chipewa pabondo. Anditumizira kalongonda m'mbale. Afotokoza chitukuko chimene mudzi ukusowa: chisakasa chochitiramo misonkhano, chifukwa dzuwa likumawawotcha akuluakulu pamutu.

Ndati, nanga mlatho amalume? Mawu anatuluka aang'ono, ngati si anga.

"Mtsinje umenewo takula tikuwoloka ife. Tinafa?"

Voti sanandipemphe. Angoti, "Akamwini ndinawawerengera kale." Ndati inde amalume. Pakamwa pangoyankha pokha.

Tsopano voti imodzi ndalonjeza anthu awiri. Koma sindikudandaula kwenikweni. A Jailosi anati amva kuti chaka chino kubwera mapepala, ngati pa chisankho chachikulu chija. Umalowa wekha, kuchonga, kupinda, kuponya. Pepala silinena kuti wachonga ndi mkamwini wa kwa uje. Ndichonga a Jailosi, potuluka ndiwawerama amalume mwaulemu.

Nzeru ndili nazo, sukulu yokha ndi imene inandipita.

Lachinayi, 13 Novembala

Mapepala kulibe.

Ndamva kuchigayo, kwa mlembi wa komiti mwini wake. Akuti za mapepalazo zinali zongokamba anthu. Tivota monga mwa masiku onse: ofuna mpando aima kutsogolo atatembenukira kuphiri, anthu n'kukandanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Eni ake saona. Koma mudzi wonse umaona, ndipo pofika madzulo amakhala atauzidwa mzere wonse, mutu ndi mutu.

Chisankho chathachi ine ndinali kunyanja kokoka matemba, sindinachione. Ndikanadziwa bwenzi dzulo nditayankha zina. Zina zake ziti, sindikudziwa.

Njira zimene ndaganiza:
- kudwala. Mayi a Takondwa sangawanamize amalume awo, komanso m'mawa andiona ndikumaliza chinangwa cha anthu awiri
- kupita kumaliro. Ndafunsa mbali zonse, kulibe maliro. Mulungu andikhululukire pofunsapo
- kufika mochedwa. Koma ndikachedwetsa ndiphonya nthawi ya zopempha, ndipo a Jailosi akatchula mlatho pafunika anthu owomba m'manja
- chimbudzi cha pasukulu

Ndasankha chomalizachi. Akangoti tiyeni tiime, ine kuseri. Akamaliza kuwerenga, ndituluka. Amalume ndidzawauza kuti m'mimba munandipotokola, a Jailosi ndidzawauzanso zomwezo. Bodza limodzi, anthu awiri, palibe chosokoneza. Pa chikhamu chonse chija ndani angaisowe voti imodzi?

Mkazi wanga wandiyang'ana nthawi yaitali. "Inu mukuganiza chinachake." Ndati ndikuganiza za feteleza.

Kuphiri kwada.

Lachisanu, 14 Novembala

Ndilembe mwa dongosolo, mwina ndiona pamene ndalakwira. Ngakhale ndikupadziwa kale.

Anthu adzaza pansi pa mango a pasukulu. A khansala afika panjinga yamoto, nsapato zonyezimira. Pemphero. Kenako kutchulana maina, aliyense ndi udindo wake, aliyense ndi m'manja mwake. Kenako mlembi awerenga maminitsi a msonkhano watha. Pabuka mkangano: ganizo lokonza mjigo analembera munthu wina pomwe analinena ndi wina. Mjigowo sunakonzedwe mpaka lero, koma mkangano si umenewo. Akonza dzina. Dzuwa lafika pamutu.

"Tsopano chisankho."

Ndadzuka bwinobwino, dzanja pamimba kuti ena aone. Chimbudzi cha anyamata chilibe chotsekera, chitseko ndachigwira ndi dzanja. Za fungo sindilemba.

Ndikumva a khansala akuwerenga mokweza. Phokoso. Akuwerenganso. Phokoso lalikulu. Aitana aphunzitsi aakulu kuti awerenge iwo.

Mawu a mayi wina: "Bambo a Takondwa ali kuti? Anakhala apa."

Wina: "Alowa umo."

Mizere yafanana. Ndendende!

Agogoda. Mlembi yemweyo. "Pepani achimwene, musafulumire. Koma mukatha, msonkhano ukudikira inu."

Bwalo la mpira lonse ndaliyenda ndekha, maso a mudzi wonse ali pa ine. Wina akuti, "Asambe m'manja kaye." Aseka mpaka a khansala. Osandiona ndi awiri okha, opereka misana aja. Msana wa a Jailosi, malaya a utuchi. Msana wa amalume, jekete ya kutchalitchi.

Mzere wa a Jailosi mwadzaza amayi a tsidya lathu, amene ana awo amawoloka limodzi ndi Takondwa. Mzere wa amalume muli mbumba yonse, apongozi anga aakazi ali momwemo, ndipo kumapeto kwenikweni mkazi wanga, khanda kumsana. Sanandikodole. Sananene kanthu. Wangoyang'ana pansi.

Ndaganiza za munda wa nandolo. Ndaganiza za malo a nyumba. Mutu unali kwa a Jailosi, ndikulumbira. Miyendo yakaima kumbuyo kwa mkazi wanga.

Nthungululu. Amalume atembenuka. A Jailosi atembenuka. Sanafunse munthu, angoyang'ana amene waima kumapeto.

Ndikanangoima kwa a Jailosi poyamba pomwe ngati munthu, bwenzi ndili mutu umodzi pakati pa mitu yambiri, ndipo akanapambana. Pobisala ndadzisandutsa chisankho chonse.

Nthawi ya zopempha. Apampando atchula chisakasa. Avomereza. Mlembi alemba. Mjigo uja. Alemba. Nkhani ya mbuzi zolowa m'munda wa sukulu yatenga nthawi yoti munthu n'kupalira mizere ingapo. Kenako "zina ndi zina". A Jailosi apinda manja, akuyang'ana m'mwamba mwa mango. Amayi a tsidya lathu akuyang'ana ine. Ndakweza dzanja. Lafika paphewa. Pomwepo kuphiri kwagunda, madontho akuluakulu ayamba.

Apampando: "Zotsala tidzakamba msonkhano wotsatira, mvula ikadzatha." Pemphero lotsekera linali lalifupi kuposa onse amene ndinamvapo.

Sizinathere pomwepo. Amalume aitanira a khansala kunyumba, kuli nkhuku. Nyumba ya amalume ili tsidya lathu. Pofika pamtsinje madzi akwera, ofiira, mtengo uja akuuphimba. A khansala ayang'ana madzi, ayang'ana nsapato zawo. Amalume ayang'ana ine.

A khansala ndawabereka.

Ndi munthu wolemera ndithu. Tili pakatikati, madzi m'ntchafu, andiyankhula m'khutu. "Koma pano pakufunika mlatho. Ana amadutsa bwanji? Bwanji simunanene pamsonkhano?"

Ndati tikunena pano bwana.

"Ayi achimwene, zosalowa m'maminitsi sindingapite nazo ku khonsolo. Akandifunsa kuti ndazitenga kuti, ndikati pamsana pa munthu?"

Nkhuku ine sindinadye nawo.

Loweruka, 15 Novembala

Ndalawirira kwa a Jailosi. Andilandira bwino, ndipo n'chimene chandiwawa.

"M'mimba mwaleka, achimwene?"

Ndati pepani. Ndati mwina tingoumangabe tokha, ndi mitengo yokhayokha, ine awiri ndili nawo kale. Sanasiye kupala. "Chingwe choyezera chija chili apo. Tengani, mukawapatse apampando anu."

Sindinatenge.

Pofika kunyumba, kuseri kulibe kanthu. Makungwa okha ndi mkwasa wa pamene akokera. Akuti amalume anabwera kudzandithokoza, n'kuona mitengo yosendasenda ili gone. Anakondwa kwambiri. "Akamwini awa ndi achitukuko, sitinawauze n'komwe." Ikakhala mizati ya chisakasa. Asiya uthenga kuti andiika m'kagulu komanga chisakasacho, Lachiwiri ndikakumbe maenje.

Denga la khitchini palibe. Mlatho palibe. Udindo ndiye ndapeza.

Madzulo mkazi wanga akusenda chinangwa, osandiyang'ana. "Mukanaima kwa a Jailosi ine sindikanadandaula."

Ndati nanga bwanji unayang'ana pansi?

"Ndimafuna musandione nkhope, musankhe nokha. Ine amalume ndi anga, sindikanachitira mwina. Ndimayesa inu ndi amene muimire mwana."

Ndatuluka. Ndakakhala pa chitsa cha bulugamu mpaka udzudzu unandithamangitsa.

Lamulungu, 16 Novembala

Mtengo wowolokerapo wapita ndi madzi. Patsala dzenje pamene unatsamira.

Kutchalitchi sitinapite, nalonso lili tsidya lina. M'malo mwake ndayenda m'mbali mwa mtsinje ndi ndodo kufuna posaya. Ndapapeza, kumtunda pang'ono, pansi pake ndi mchenga wolimba. Madzi m'chiuno. Ndaunjika miyala mbali zonse ziwiri kuti ndisamapasowe m'mawa.

Ndayeserera ndi Takondwa. Kope pamutu pake, manja m'khosi mwanga, miyendo aipinde m'mwamba. Tawoloka, tabwerera. Sananyowe. Ndi wopepuka kuposa a khansala.

Anzanga a kunyanja aimba foni, akuti pabwato pali malo a munthu mmodzi, ndibwere sabata ino. Ndawauza asandidikire chaka chino. Mwana amapita m'mawa, amabwerera masana, munthu sungakhale ku Chilwa.

Amayi awiri a tsidya lino, amene chichokere Lachisanu samandiyankha moni, abwera pakhomo. "Poti muzikhala mukuwolotsa wanu." Ndavomera. Ndikanakana ndi nkhope iti? Akuti auzanso anzawo.

Takondwa akusangalala, akuti kuberekedwa n'kokoma kuposa mtengo. Kenako wafunsa, "Ababa, nanga tsiku limene mudzadwale m'mimba ngati Lachisanu, ndidzawoloka bwanji?"

Ndamuuza akagone.

Kabudula wowolokera ndamuyanika pakhonde. Sauma pofika mawa, koma palibe kanthu, akukanyowanso.