Nsomba Yachisanu ya a Yotam

Aliyense wa ku Feira akhoza kukuuzani kuti a Yotam Mpande anali ndi nthenda imodzi yokha: sankatha kumva nyimbo osaiweruza. Ngakhale tambala akalira, iwo ankapukusa mutu, amvekere, "Wayamba bwino, koma wathera m'mphuno."

Mu 1993 anakoka chibenthu cha bwato lakale, n'kuchiimika pamsika, n'kulemba pamwamba ndi choko: KHUTU LA FEIRA, MAGAZINI YA NYIMBO. Mkonzi anali iwowo, mtolankhani iwowo. Loweruka lililonse ankalembapo maganizo awo ndi kujambula nsomba: imodzi ngati nyimbo ndi yoola, zisanu ngati ilibe banga. Zisanuzo palibe anaziwonapo. Magazini yoyamba inafufutika ndi mvula. Yachiwiri inanyambitidwa ndi mbuzi, ndipo a Yotam ananyadira kuti owerenga akuchuluka.

Tenson, woimba kalindula wa kwa Mphuka, anayesa kuwanyengerera ndi nsomba yonona ya pende.

"Mudala, tiwonjezeleniko kansomba kamodzi chabe."

A Yotam anadya mpaka kutsopa mutu. Loweruka tinawerenga kuti: "Pende wa Tenson, nsomba zinayi. Banjo ya Tenson, imodzi."

Koma moto weniweni unabuka atapatsa nsomba ziwiri kwaya ya kutchalitchi kwathu, imene ankaitsogolera akazi awo, a Thecla. Tsiku limenelo a Yotam atavundukula mbale ya ndiwo anapeza nsomba ziwiri zojambula ndi khala.

"Amake Lena, ndiyo ili kuti?"

"Si izo? Ziwili, monga mwamene munanipasila."

"Magazini yanga ni yoima payokha!"

"Manje tione ngati mkonzi azaima payekha na njala."

Bambo uja anawonda mpaka lamba kumuzungulira kawiri, koma sanafufute. A Thecla nawo analumbira kuti yachisanuyo adzailandira basi. Ankayeserera nyimbo kudimba mpaka mvuu, akuti, zinasamukira ku Mozambique. Pasaka wina anapatsidwa zitatu. Patapita zaka, zinayi.

"Nanga yosalayo, atate a Lena?"

"Nikakupasani, muzaleka kuimba bwino."

Mu 1999 Anock, mwana wa mlongo wa a Yotam, anabwera kuchokera ku Lusaka ndi nkhani ya Intaneti, kuti magazini ikaikidwa m'kompyuta idzawerengedwa dziko lonse.

"Kuli mbuzi kwamene uko?" anafunsa a Yotam.

"Kulibe, amalume."

"Manje azawelenga ni ndani?"

Chaka chomwecho, nthawi yachisanu, chifuwa chinawatenga a Yotam. Kumanda a Thecla anayambitsa okha nyimbo, ngakhale amayi anzawo anawaletsa. Ine sindinamvepo kuimba kotero. Tenson analira ngati mwana. Nyimbo itatha tonse tinacheuka mwachizolowezi, kufuna mutu uja wopukusa.

Kunena zowona, timawasowa. Masiku ano nyimbo zimangodutsa pamsika ngati madzi a Zambezi, popanda wozitukwana kapena wozitamanda, ndipo atambala amathera m'mphuno mopanda mantha. Chibenthu chija tinachimangira kadenga ndi mpanda wotchinga mbuzi, chifukwa cha zimene zinachitika Loweruka lotsatira maliro.

A Thecla anafika pamsika ndi choko m'manja. Analemba dzina lawo, n'kujambula nsomba zisanu, zokhotakhota ngati nthochi.

"Ngati akana," anatero, "abwele afute yekha."

Anaima pomwepo kudikira mpaka msika unatha.